Mafizo a sitiroko: bwanji makafukufuku akuluakulu amangothera pa "palibe kusiyana"?

Chomwe chimavutitsa aliyense wofufuza za mafizo a anthu omwe angochita kumene sitiroko ndi chakuti ubongo umadzikonza wokha kwa kanthawi. Munthu amene sabata yoyamba samatha olo kugwedeza chala, pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumupeza akukweza mkono, wina akuyenda ndi ndodo, ndipo zimenezi zimachitikira anthu ambiri kaya alandira thandizo lapamwamba kaya lochepa. Nde tangoganizani, wina wabwera ndi makina atsopano kapena mapilisi, wapatsa odwala 20 mwezi woyamba, pakutha pa miyezi itatu onse akupezako bwino, iye basi kulengeza kuti makina anga amachiritsa, chonsecho anthuwo akanapezabe bwino olo makinawo kukanakhala kulibe. Funso lenileni pa nkhani yonseyi ndi loti, achira kuposa ndani?

Sitiroko imabwera mtsempha wopititsa magazi ku ubongo ukatsekeka, ndipo iyi ndi yomwe imachuluka, kapena ukaphulika magazi n'kutayikira mkati. Maselo a pamalo pomwe magazi sakufika amafa ndipo sabweranso, pamenepa tisanamizane. Koma ambiri ozungulira malowo amakhala angofooka chabe, kutupa kukamatsika amadzuka, kenako amayamba kulumikizana ndi anzawo mwanjira zatsopano kuti atengeko ntchito yomwe inkagwiridwa ndi akufa aja. Zimenezi zimathamanga kwambiri masabata oyambirira, pofika miyezi itatu zimayamba kuzilala, ndipo ikapitirira miyezi 6 akatswiri amati sitiroko ija ndi yakale tsopano. Mu 2004 Jeff Biernaskie ndi Dale Corbett ku Canada anayesa pa makoswe, kuwapangitsa sitiroko kenako kuwayambitsa mafizo otola tizakudya ndi kadzanja kofookako, ena tsiku la 5, ena la 14, ena la 30. Oyamba tsiku la 5 anachira bwino ndithu, pomwe a tsiku la 30 sanasiyane kwenikweni ndi anzawo omwe sanapange mafizo aliwonse. Anthu ataona izi maganizo anali amodzi, kuti basi tiziyamba mwachangu, bola mwachangu kwambiri.

Kuti zimenezi ayese pa anthu, njira yake ndi ya maere. Odwala amagawidwa magulu awiri ndi kompyuta, osati ndi dokotala, chifukwa dokotala olo akhale wachilungamo bwanji mtima wake umakankhira odwala ooneka amphamvu ku thandizo lomwe iye amalikhulupirira. Gulu lina lilandira chatsopanocho, lina thandizo la masiku onse, ndipo woyeza zotsatira asamadziwe kuti uyu anali gulu liti. Pa mankhwala n'zosavuta, gulu linalo mumangolipatsa mapilisi ofanana maonekedwe koma opanda kanthu. Pa mafizo nde pamavuta, munthu sungamunamize kuti akupanga mafizo asakupanga, ndipo "thandizo la masiku onse" la chipatala china ndi ola lathunthu pomwe kwina ndi mphindi 10.

Kafukufuku amene anagwedeza anthu ndi wa AVERT, wotsogoleredwa ndi Julie Bernhardt wa ku Melbourne, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2015. Analowetsa odwala 2,104 m'mawodi a sitiroko 56 a ku Australia, New Zealand, Malaysia, Singapore ndi UK. Gulu loyamba linkadzutsidwa pabedi asanathe maola 24, kukhala tsonga, kuimirira, kuyenda, kangapo pa tsiku komanso nthawi yochuluka, mphindi ngati 31 tsiku lililonse poyerekeza ndi 10 za gulu linalo. Aliyense ankayembekezera kuti amenewa ndi omwe awine. Itatha miyezi itatu, omwe anali bwino moti n'kumadzithandiza okha anali 46 pa 100 aliwonse m'gulu lodzutsidwa msangalo, ndipo 50 pa 100 m'gulu la masiku onse. Kuthamanga kuja kunawononga, osati kwambiri, koma kunawononga. Chifukwa chomwe ambiri amaganizira ndi chakuti tsiku loyamba mbali ya ubongo yozungulira bala imakhala ikupulumukira pa timagazi tochepa kwambiri, nde ukamuimiritsa munthu nthawi yaitali magazi opita kumutu amatsika.

Koma apa pali poterera pomwe anthu ambiri amagwera. AVERT sananene kuti wodwala azigonekedwa sabata yonse ayi. Gulu la masiku onse lija linkadzukanso msanga, pakatikati pake ndi maola 22 chichitikireni sitiroko pomwe enawo anali maola 18 ndi theka, kusiyana kwa pafupifupi maola anayi basi, chifukwa m'zaka zomwe kafukufukuyu ankachitika zipatala zinali zitayamba kale kudzutsa anthu msanga. Chomwe chinasiyana kwambiri ndi kuchuluka kwa ntchito. Ndipo atawerengeranso manambala awo mu 2016 anapeza kuti omwe ankadzuka pafupipafupi koma kwa timphindi tochepa ankachita bwino kuposa omwe ankakhala kunja kwa bedi nthawi yaitali kamodzin'kamodzi. Kugona osatembenuka kuli ndi mavuto ake odziwika kale, zilonda zapamsana, chibayo, magazi kuundana m'miyendo, minofu kufota.

Nanga nthawi yabwino yothira mphamvu zonse ndi iti? Malemu Alexander Dromerick wa ku America anayesa kawiri. Mu 2009 anapeza kuti odwala omwe anapatsidwa mafizo amphamvu kwambiri a mkono patangotha masiku ochepa anachira pang'ono poyerekeza ndi omwe anapatsidwa apakatikati. Kenako mu kafukufuku wa CPASS yemwe anatuluka mu 2021, anthu 72 anagawidwa kuti ena alandire maola 20 owonjezera a mafizo a mkono mwezi woyamba, ena pa miyezi iwiri mpaka itatu, ena itadutsa miyezi 6, ena osawonjezeredwa. Omwe anapindula kwambiri pakutha pa chaka anali a miyezi iwiri mpaka itatu aja, a mwezi woyamba anapindulako pang'ono, ochedwa aja sanasiyane ndi osawonjezeredwa. Anthu 72 ndi ochepa, ndiye tisatengeke kwambiri, koma ine chomwe chimandiwawa pa zotsatirazi n'chakuti mwezi wachiwiri ndi wachitatu ndi nthawi yomwe odwala ambiri padziko lonse amakhala atatulutsidwa kale m'chipatala, ali kunyumba, mafizo achepa kapena atheratu.

Tibwere ku kuchuluka kwa mafizo, chifukwa mwina apa ndi pomwe pagona nkhani. Nyama za m'makafukufuku aja zimabwereza kutola chakudya ka 400 mpaka ka 600 pa tsiku. Catherine Lang wa ku St. Louis ndi anzake anapita kukakhala m'zipinda za mafizo ku America ndi Canada n'kumangowerenga, ndipo mu 2009 anatulutsa zoti wodwala amabwereza ntchito ya mkono pafupifupi ka 32 pa nthawi imodzi yokumana ndi wa mafizo. Ka 32 basi. Nde mukamva kuti kafukufuku wina wayerekeza njira A ndi njira B n'kupeza kuti palibe kusiyana, muzifunsa kaye ngati onsewo sanangolawitsidwa. Komabe nkhani yake si yophweka choncho, chifukwa Lang yemweyo mu 2016 anapatsa anthu 85 a sitiroko yakale ntchito yobwereza ka 3,200, ena ka 6,400, ena ka 9,600, ena mpaka pomwe angathere, ndipo kuchulukitsako sikunabweretse kusintha koonjezera. Pomwe ku chipatala cha Queen Square mu London, Nick Ward amapatsa odwala maola 90 m'masabata atatu ndipo anthu omwe anachita sitiroko kalekale amasintha moonekera, koma lipoti lake la 2019 la odwala 224 linalibe gulu lofananitsira, ndiye funso lija loti kuposa ndani limakhalabe. Olo zili choncho, malangizo a ku UK anasintha mu 2023, kuchoka pa mphindi 45 za mtundu uliwonse wa thandizo kufika pa maola atatu pa tsiku, masiku osachepera asanu pa sabata, kwa amene angakwanitse. Kulemba n'kosavuta, kupeza anthu ogwira ntchitoyo ndi nkhani ina.

Njira imodzi yomwe inapambana mayeso a maere inachokera kwa Edward Taub, amene anaona pa anyani kuti mkono ukakanika kangapo nyaniyo amausiya n'kuzolowera kugwiritsa winawo, moti olo mphamvu zitabwerera mkono uja umangolendewerabe chifukwa ubongo waphunzira kuunyalanyaza. Mankhwala ake ndi ankhanza pang'ono, kuveka dzanja labwinolo gulovu yaikulu kuti munthu akakamizike kugwiritsa lodwalalo. Mu kafukufuku wa EXCITE wa 2006, motsogozedwa ndi Steven Wolf, anthu 222 omwe anali pakati pa miyezi 3 ndi 9 chichitikireni sitiroko anayesedwa, ovala gulovu ankaivala pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri kwinaku akuphunzitsidwa mpaka maola 6 pa tsiku, ndipo anachita bwino kuposa anzawo, phindu lake n'kukhalabe patatha chaka. Koma kuti ulowe unayenera kukhala ukutha kale kutambasulako zala ndi kukweza dzanja pang'ono, kutanthauza kuti omwe mkono unaferatu sanali m'gulumo. Komanso ena amafunsa, ndipo akunena zoona, kuti chinathandiza ndi gulovuyo kapena maola 6 aja?

Za makina nde zimakoma kuonera pa vidiyo koma manambala ake ndi ozizira. Mu 2011 kafukufuku wa LEAPS wa Pamela Duncan anatenga anthu 408, ena kuwamangirira malamba owanyamula n'kumawayendetsa pa treadmill, makina oyendapo uli pamalo amodzi, anthu akuwasuntha miyendo, ena kungowayendera kunyumba ndi wa mafizo n'kumapanga zolimbitsa miyendo ndi zophunzira kuima osagwa. Patatha chaka pafupifupi 52 pa 100 anali akuyenda bwino kuposa kale, m'magulu onse mofanana, ndipo a pa treadmill ndi omwe ankachita chizungulire kwambiri. Mu 2019 Helen Rodgers wa ku Newcastle anatulutsa RATULS, anthu 770, loboti ya MIT-Manus yophunzitsa mkono mphindi 45 katatu pa sabata kwa masabata 12. Omwe mkono unafika pomwe ankafuna anali 44 pa 100 a loboti, 50 pa 100 omwe anapatsidwa nthawi yomweyo ndi munthu, 42 pa 100 a masiku onse, kusiyana komwe powerengetsa kukhoza kungokhala kwamwayi. Sikuti loboti ndi yoipa, siitopa ndipo imawerenga bwino, koma pa mtengo wake munthu umayembekezera kuti ichite zoposa pamenepa.

Nkhani ya mapilisi ndi yomwe imaonetsa bwino kuopsa kwa kafukufuku wamng'ono. Mu 2011 François Chollet ku France anapatsa odwala fluoxetine, mankhwala a matenda okhumudwa aja ambiri amawadziwa kuti Prozac, m'kafukufuku wa FLAME wa anthu 118, ndipo omwe anamwa anaoneka kuti manja ndi miyendo zachira bwino kuposa omwe anamwa mapilisi opanda kanthu. Mankhwala otchipa, opezeka paliponse, madokotala ena anayamba kulembera odwala pompo. Kenako kunabwera makafukufuku atatu akuluakulu, FOCUS ku UK wa anthu 3,127, EFFECTS ku Sweden wa anthu 1,500, ndi AFFINITY ku Australia, New Zealand ndi Vietnam wa anthu 1,280, onse kumwetsa 20 mg tsiku lililonse kwa miyezi 6. Onse atatu yankho limodzi, pa kuchira palibe chomwe chinasintha. Matenda okhumudwa anachepadi, mu FOCUS anali 13 pa 100 poyerekeza ndi 17, koma kuthyoka mafupa kunachuluka pafupifupi kawiri. Mankhwala a matenda onjenjemeretsa a Parkinson nawonso anayesedwa ku UK pa anthu 593 kuti mwina athandiza kuyenda, osaphula kanthu.

Chomwe chaonetsako kuwala posachedwapa ndi kachipangizo koika pachifuwa mwa opaleshoni, kolumikizidwa ku mtsempha wa uthenga wa m'khosi wotchedwa vagus, komwe kamatumiza kamphamvu ka magetsi nthawi yomwe munthu akusuntha mkono pa mafizo. Jesse Dawson wa ku Glasgow anayesa pa anthu 108 ndipo anachita zanzeru, onse anaikidwa kachipangizoko koma kwa theka la iwo sikankagwira ntchito yeniyeni. Patatha masiku 90 chithereni mafizo a kuchipatala, 47 pa 100 a kachipangizo koyaka anasintha mokwanira poyerekeza ndi 24 pa 100 a enawo, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mu 2021. Dziwani kuti awa anali anthu a sitiroko yakale, miyezi 9 kupita mtsogolo, osati ongodwala kumene, komanso kachipangizoko pakokha sikachiritsa, kamayendera limodzi ndi mafizo ambirimbiri.

Pa kulankhula zinthu zikufananako. Ku Australia ndi New Zealand kafukufuku wa VERSE wa 2020 anawonjezera maphunziro a kulankhula masabata oyambirira kwa anthu omwe mawu anasokonekera, osapeza phindu loposa la masiku onse, pomwe ku Germany Caterina Breitenstein mu 2017 anapeza kuti masabata atatu a maola 10 kapena kuposa pa sabata anathandiza anthu omwe anakhala ndi vutoli miyezi yoposa 6. Pulogalamu ya pakompyuta yomwe inayesedwa ku UK inathandiza anthu kukumbukira mawu omwe ankayeserera, koma pocheza ndi anthu sizinaoneke.

Tsopano pali kafukufuku mmodzi yemwe ine ndimaona kuti sakambidwa mokwanira, chonsecho akukhudza anthu ochuluka kuposa maloboti onse aja, chifukwa odwala sitiroko ambiri padziko lapansi ali m'maiko momwe a mafizo ndi owerengeka. Maganizo ake anali omveka bwino, ngati akatswiri kulibe bwanji osaphunzitsa achibale kuti azipangitsa okha mafizo kunyumba? Ku India anayesa zimenezi mu ATTEND, odwala 1,250 m'zipatala 14, wachibale ankaphunzitsidwa kuchipatala kenako kuyenderedwa kunyumba kwa miyezi iwiri. Zotsatira za 2017 zinati patatha miyezi 6, omwalira kapena odalirabe ena anali 47 pa 100 mbali zonse ziwiri. Ku China anayesanso zofanana nazo kudzera mwa anamwino a m'zipatala za kumidzi, zotsatira zake zomwezo. Izi sizikutanthauza kuti achibale ndi opanda ntchito, kutalitali, popanda iwo wodwala sangadye, sangasambe, sangatembenuzidwe. Koma zikusonyeza kuti maphunziro a maola ochepa sangasandutse mkazi kapena mwana wa wodwala kukhala wa mafizo, munthu amene ali kale ndi nkhawa, akuphika, akuchapa, akusaka ndalama, nde tizimusenzetsanso ntchito ya katswiri n'kumati vuto latha? Boma lililonse lomwe likufuna kuthawa kulemba ntchito a mafizo ponamizira kuti mabanja achita okha, manambala a ku India sakuligwirizana nalo. Njira ya pa intaneti ndi yomwe yaonetsako bwino, Steven Cramer mu 2019 anapeza pa anthu 124 kuti mafizo a mkono otsogoleredwa ndi katswiri kudzera pa vidiyo anafanana ndi a kuchipatala, koma onani kuti katswiriyo analipobe, ndipo maola anali ofanana.

Chodabwitsa n'chakuti chinthu chomwe umboni wake ndi wolimba kwambiri si chamakono konse. Ndi wodi yapadera ya sitiroko, pomwe anamwino, madokotala, a mafizo, ophunzitsa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi ophunzitsa kulankhula amagwira limodzi n'kumakumana sabata ndi sabata kukambirana wodwala aliyense, kuyeza ngati akutha kumeza asanamupatse chakudya, kuthana ndi kutentha thupi ndi shuga msanga. Peter Langhorne wa ku Glasgow ndi anzake akhala akusonkhanitsa makafukufuku a zimenezi kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo kuwerengera kwawo kwa 2020 kukuti pa odwala 100 aliwonse osamalidwa m'wodi yotere m'malo mwa wodi wamba, opulumuka amawonjezekera awiri, ndipo odzidalira okha amawonjezekera 6. Palibe chogulitsa pamenepa, mwina n'chifukwa chake sizimveka.

Nanga bwanji ambiri enawo amangothera pa palibe kusiyana? China ndi muyeso. Makafukufuku akuluakulu amakonda sikelo ya Rankin yoyambira 0, wopanda vuto, mpaka 6, womwalira, ndipo munthu akhoza kuyamba kumanga mabatani a malaya yekha, chinthu chachikulu kwa iye, sikelo ija osasuntha. Komanso sikeloyo siisiyanitsa amene mkono wachiradi ndi amene wangophunzira kuchita zonse ndi dzanja limodzi. China ndi kusakaniza odwala osiyana kwambiri m'gulu limodzi, amene akanachira yekha olo osamukhudza, amene njira ya uthenga yochoka ku ubongo kupita ku mkono inadukiratu moti mafizo alipowa sangaibwezeretse, ndi wapakati amene thandizo likanamusinthadi, nde phindu la wapakatiyo limamira m'manambala a enawo. Pofuna kukonza zimenezi akatswiri anakumana ku Philadelphia mu 2016 n'kugwirizana kuti aziyeza zinthu zofanana pa nthawi zofanana, komanso aziwerenga masiku kuyambira tsiku la sitiroko osati tsiku lomwe munthu wafika ku mafizo.

Pa kusankha odwala, Cathy Stinear wa ku Auckland anapanga njira ya PREP2. Tsiku lachitatu amayeza zinthu ziwiri zokha, mphamvu yokwezera phewa chammbali ndi yotambasulira zala, n'kuphatikiza ndi zaka za munthuyo. Ngati mphamvuzo zili zochepa amaika chipangizo cha maginito pamutu n'kuona ngati uthenga ukufikabe ku minofu ya mkono, ndipo pa odwala anayi aliwonse, atatu amawalosera molondola mmene mkono udzakhalire pa miyezi itatu. Kwa ofufuza izi ndi zothandiza kwambiri chifukwa akhoza kuyesa thandizo pa anthu ofanana. Kwa wodwala zimathandiza kudziwa poika mphamvu, kaya pa kubwezeretsa dzanjalo kaya pa kuphunzira njira zina n'kumateteza phewa kuti lisagweduke. Mantha omwe ena ali nawo, ndipo ine ndili nawo limodzi, ndi oti chipatala chopanikizika ndi ndalama chikhoza kutenga ulosi wa tsiku lachitatu ngati chifukwa chomanira munthu mafizo, chonsecho mmodzi mwa anayi aja ulosiwo umamuphonya, ndipo unapangidwa poyang'ana anthu omwe ankalandira mafizo a mlingo wa masiku onse womwe uja.